Masiku Makumi Anayi Opanda Denga

1

Dzina langa ndine Ghaniya, koma ku Wadi Sarham aliyense amanditchula kuti make Sadiq. Ngati munamvapo kuti zokambirana za mtendere m'chigwa chathu zinatsala pang'ono kulephereka chifukwa cha mkazi, mkaziyo ndine. Anthu alankhula zambiri. Ena akuti ndinali kazitape, ena akuti ndinadyetsa amuna anga mankhwala. Lero ndifotokoza ndekha, ndipo sindidziyeretsa.

Amuna anga, a Mabkhut, ndi mkulu wa fuko lathu. Mtima wawo ndi wabwino, koma pakamwa pawo palibe chotsekera. Anzawo akapsa mtima amalumbira pa Mulungu. Iwo ankalumbira pa ine. "Mkazi wanga ndamusiya ngati ng'ombe iyi si yanga!" Kwathu lumbiro lotere si nthabwala. Zimene walumbirazo zikakutembenukira, ukwati watha pomwepo, ngakhale mkaziyo ali kukhitchini akukanda ufa osadziwa kanthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndinakhala m'banja lolendewera pa ng'ombe, pa malire a minda, ndipo kamodzi pa mpira wa pa wayilesi ya kanema. Mwamwayi tsiku limenelo timu yawo inachinya.

Kenako kunabwera nkhondo. Hizam bin Daris, amene ankaphunzitsa masamu pasukulu ya anyamata, anataya choko n'kukwera phiri ndi anthu amfuti, akuti boma laiwala chigwa chathu. Atatseka msewu wa tala, mtolankhani wina anaika cholankhulira pakamwa pa amuna anga. Kunali ngati kupatsa mwana machesi.

"Tamverani nonse!" anakuwa pa wayilesi. "Tsiku limene ine ndi galu uja Hizam tidzakhale pansi pa denga limodzi, make Sadiq ndawasudzula katatu!"

Kamodzi kapena kawiri mwamuna amatha kubweza mkazi wake. Katatu ndiye kuti chitseko chakhomedwa ndi misomali.

Anafika kunyumba akuyenda modzitukumula, mpeni wawo wa palamba uli patsogolo.

"Mwandimva pa wayilesi, make Sadiq?"

"Ndakumvani. Chigwa chonse chamva kuti ine ndine chikole cha nkhondo yanu."

"Aa, inunso! Ine ndi Hizam denga limodzi? Ndi kumanda komwe sitidzayandikana. Pakulani chakudya."

2

Patapita zaka zitatu, aliyense anali atatopa. Mphesa zinkawolera m'minda poti kunalibe njira yopita nazo kumsika, ndipo manda a kuseri kwa mzikiti anali atafika mpaka kumsewu. Boma ndi anthu a kuphiri anagwirizana zoti mfuti zikhale chete masiku makumi anayi. Hizam ananeneratu kuti salankhula ndi anthu a masuti ochokera ku likulu. Ankafuna munthu wa m'chigwa momwemo, mwini ndevu ndi fuko. Boma linasankha a Mabkhut.

Mkhalapakati anali a Torvald, mzungu wamtali wochokera kudziko lozizira, wotumidwa ndi bungwe lina la mayiko akunja. Anabwera ndi womasulira, mafayilo, timbendera ndi madzi a m'mabotolo, n'kukonza holo ya sukulu ya atsikana. Ife akazi tinakwera pamwamba pa nyumba zoyandikana ndi sukuluyo, tiyi wathu ali m'mafulasiki, kuti tionere.

Amuna anga anatsika galimoto, anayenda mpaka pakhomo la holo, n'kuima.

"Wafika kale?"

"Ali mkatimo akukudikirani," anatero womasulira.

"Ndiye atuluke."

Mawu a Hizam anamveka kuchokera mkati. "Ine pamtetete sindikhala, Mabkhut! Kumwambaku kuli maso. Tindege tanu topanda woyendetsa tija tandidyera akuluakulu atatu, onse ali panja. Lowa ngati uli mwamuna!"

"Tuluka ngati si iwe khoswe!"

A Torvald ankamwetulira, poganiza kuti awa ndi malonje a kwathu. Womasulira atawafotokozera za lumbiro, anamuuza kuti abwerezenso. Atabwereza, anavula magalasi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi mayiwo sangangokhululuka?"

"Bwana," anayankha womasulira, "lumbiro silifunsa mayi."

3

Anaitana a Muqbil, Kadi wathu, amene amaweruza za maukwati ndi malumbiro. Nkhalamba imeneyi anthu anali ataiiwala chiyambire nkhondo, ndiye itaona kuti dziko lonse likudikira pakamwa pake, inasiya kufulumira pa chilichonse.

Anayamba ndi zenera: Hizam mkati, amuna anga panja. Zinayenda bwino mpaka Kadi anakweza maso n'kuona kuti malata atulukira kunja kwa khoma. Anayeza ndi ndodo yawo, n'kubweza amuna anga masitepe asanu. Kuchokera pamenepo akuluakulu awiriwo ankachita kukuwa, moti zinsinsi zonse za boma zinkamveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Ife pamwamba paja tinayamba kuthirirapo ndemanga.

"Atsegule kaye msewu!"

"Akunama ameneyo, akaidi alipo khumi ndi awiri, wina ndi mlamu wanga!"

A Torvald ankalemba zonsezo, poyesa kuti ndife nthumwi.

Mfundo zinatheka pokuwa pomwepo. Koma kwathu mtendere sumangidwa ndi pepala. Adani awiri amagwirana dzanja pamwamba pa Buku Loyera la kumzikiti, kenako amadya m'mbale imodzi atakhala pamkeka umodzi. Popanda zimenezo, ngakhale musayine mapepala odzaza lole, anyamata a kuphiri sangatsitse mfuti.

"Apisitse dzanja pazenera," anatero a Torvald.

"Dzanja la munthu ndi munthuyo," anatero Kadi. "Likalowa, walowa."

"Ndiye winayo atulutse lake."

"Nditambasule dzanja pazenera ngati wopemphetsa?" anakuwa Hizam. "Anyamata anga andijambule?"

Tenti? Kadi anati ndi denga. Phanga? Anati denga lomanga Mulungu limaposa la anthu. Za mtengo anaziganizira masiku atatu, akudya nyama ya boma, kenako anagamula kuti mtengo womera wokha si denga. Womera wokha m'tauni yonse unali umodzi, waminga, wopanda ndi tsamba lomwe. Hizam anausuzumira pazenera n'kunena kuti pansi pake ngakhale mbuzi singabisale.

Sabata yachinayi a Torvald, nkhope itapsa ngati nyama yowotcha, anabwera ndi nzeru imene anati yawasowetsa mtendere: asasule theka la denga la kalasi imodzi, Hizam akhale kofolera, amuna anga koyera. Amisiri anasasula, mphunzitsi wamkulu akulira. Zonse zitakonzeka, Kadi analoza mtanda umene unkadutsa kuchokera kukhoma ili mpaka lija.

"Uwu ndi wa denga liti?"

Anaudula. Theka lotsalalo linagwa lonse. Palibe anavulala, koma timbendera tija anatifukula madzulo.

4

Tsiku la makumi atatu ndi chitatu, akazi a m'tauni anandipeza kunyumba. Ankawatsogolera Fatum, mayi wamasiye amene nkhondo inamulanda ana aamuna awiri. Tiyi wanga anamukana.

"Ghaniya, tiuze. Ukwati wakowu ndi wagolide?"

"Mesa mukudziwa kuti wolumbira si ine?"

"Wolumbiridwa ndiwe. Kwatsala masiku asanu ndi awiri. Ndatsala ndi mwana mmodzi, ndipo ndevu zayamba kumera. Uwauze amuna akowo alowe. Akazi osiyidwa tadzaza chigwa chino, sufa."

Masana amenewo ndinawaikira amuna anga saltah, ndiwo yathu ya nyama ndi msuzi, ikadali kubwata, mkate uli pambali. Khungu la pamphumi pawo linali likusupuka chifukwa cha dzuwa.

"Bambo a Sadiq, kaloweni. Ndikakhala kwa achimwene. Anthu atopa."

Anaika mkate pansi. "Zaka makumi atatu, make Sadiq. Ndani amadziwa kuti bondo langa ili likatupa limafuna mafuta otentha? Boma? Boma lipeze nzeru zina. Ine sindilowa."

Ndinakondwa, sindikubisirani. Mtima unadumpha ngati wa namwali. Nthawi yomweyo ndinachita manyazi oopsa, chifukwa m'kamwa mwanga munali mawu ochepa amene akanathetsa chipwirikiti chonsechi tsiku loyamba lomwe. Ndinkadzuka nawo, kuphika nawo, kukwera nawo pamwamba pa nyumba kukaseka limodzi ndi anzanga.

Mawa lake mayi wina wogulitsa mazira, wochokera kumidzi ya kuphiri, anandigwira mkono pamsika.

"Azakhali aja akupereka moni," ananong'ona. "Akuti pakamwa pakhale potseka. Mukatsegula, manyazi ake muwagawana."

Ndinagula mazira amene sindinkawafuna.

5

Tsiku la makumi anayi linali Lachinayi. Pangano linali loti kuitana kwa pemphero la masana kukamveka, mfuti zidzamasuka. Asilikali anali atavundukula kale mizinga kuseri kwa msika, ndipo kuphiri magalimoto ankasonkhana. A Torvald ankalongedza mafayilo. Amuna anga anali pampando pakati pa bwalo la sukulu, ambulera ili m'manja. Hizam anali m'holo.

Ndinatsika pamwamba paja. Sindikumbuka makwerero. Ndinangopezeka ndili pakati pa amuna mazana awiri, pamalo pamene mkazi sanapondepo.

"Kadi, ndili ndi funso."

"Make Sadiq, bwererani kwa akazi anzanu!" anatero amuna anga.

"Lumbiro likagwa kamodzi, limagwanso kachiwiri?"

"Ayi, mwana wanga," anatero Kadi. "Likagwa, latha."

"Ndiye amuna anga alowe. Linagwa kale, zaka ziwiri zapitazo."

Ndinafotokoza zonse, ndipo ndikufotokozerani inunso. Chaka chimenecho asilikali atasesa midzi ya m'munsi mwa phiri, akazi othawa anadzaza m'nyumba mwathu, oposa makumi atatu. Pakati pawo panali nkhalamba yaitali, yodziphimba chakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anati ndi azakhali a winawake, osalankhula chibadwire. Pomupatsa tiyi ndinaona chipsera pachala chachikulu. Chipsera chimenecho ndinkachidziwa. Chinapsa pa uvuni wa mayi anga ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mnyamata wina akunamizira kudzagula mkate kuti andione. Mnyamatayo anadzandifunsira, bambo anga n'kumukana poti mphunzitsi alibe munda. Ndinalira miyezi itatu. Anali Hizam.

Asilikali anali pageti pathu pomwepo. Ndikanangokweza mawu. M'malo mwake ndinati azakhaliwa ali ndi chifuwa chopatsirana, n'kuwatsekera m'chipinda chosungira makoko a khofi. Anakhalamo masiku atatu. Amuna anga ankagona m'chipinda cha pamwamba pake.

Nditamaliza, m'holo munaphulika mawu.

"Bodza! Ine sindinavalepo zovala za akazi!"

Pamwamba pa nyumba mayi wina anaomba m'manja. "Kodi ndi azakhali aja ankamaliza mbale ziwiri aja? Ine ndinkadabwa, nkhalamba yanji ya mapazi ngati makasu!"

"Anandibwereka nsalu yanga yakumaso, mpaka lero sanabweze!" anakuwa wina.

Akazi anaseka mpaka kugwirana. Anyamata a Hizam, amene ankaimba nyimbo zoti mtsogoleri wawo anadutsa pakati pa asilikali atasanduka mphepo, ankangoyang'ana nsapato zawo. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana amuna anga, koma iwo ankayang'ana pansi.

6

Kadi anapempha madzi. Anatsegula buku lina, analitseka, anatsegula lina. Mumzikiti munamveka woitanira pemphero akugogoda cholankhulira kuti aone ngati chikugwira.

"Nkhaniyi ndi yosavuta," anatero Kadi. "Mwamunayu sankadziwa kuti mdani wake ali m'nyumba. Wosadziwa saswa lumbiro. Choncho ndikukuuzani nkhani yabwino: ukwati ulipo."

"Nanga lumbiro?" anafunsa womasulira.

"Lumbironso lilipo, lamoyo ndithu. Akalowa, mkazi wapita."

Ndinamva ngati nthaka yandikana. Ndinali nditadzivula pamaso pa chigwa chonse, n'kudzitcha mkazi wobisa chibwenzi chakale m'nyumba ya mwamuna wake, ndipo zonsezo zinapita pachabe. A Torvald anakhala pansi padothi, suti ili choncho, n'kugwira mutu.

Amuna anga anapinda ambulera pang'onopang'ono. Anaimirira, bondo lija likuwavuta. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene sanandiyang'anepo pagulu.

"Kadi, lembani kuti ndinkadziwa."

"Mabkhut, usaname pofuna kusangalatsa boma. Bodza lotere ndi tchimo lina."

"Sindikunama. Tsiku lachiwiri ndinaika lezala langa ndi sopo pazenera la chipinda chimenecho, poti ndevu zinayamba kubowola nsalu. Mufunseni ali mkatimoyo."

Mitu yonse inatembenukira kuholo. Kenako kunamveka mawu aang'ono, osafanana ndi a mtsogoleri wa nkhondo.

"Linali lobuntha."

Palibe anaseka. Kadi anatseka buku.

"Ukwati wa Mabkhut ndi Ghaniya unatha zaka ziwiri zapitazo. Za mmene akhalira m'nyumba imodzi kuyambira pamenepo, akalape kwa Mulungu, ine sindizitha. Lumbiro lagwa. Munthuyu ndi womasuka."

Amuna anga anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Woitanira pemphero atayamba, manja awiri anali kale pamwamba pa Buku. Mbale ya mpunga ndi nyama inalowa pambuyo pake. Pamwamba pa nyumba akazi ankalulutira, ndipo ine ndinali ndekha pakati pa bwalo, osadziwa kuti ndilowere kuti.

7

Tsiku lomwelo ndinasamukira kwa achimwene anga. Bokosi langa ananyamula okha a Mabkhut, anakana kuti wina aligwire. Analitula pageti, poti sakanathanso kulowa nane.

"Munkadziwa, osanena?" ndinafunsa. "Mdani wanu ali m'manja mwanu?"

"Ndikanamugwira, chigwa chonse chikanadziwa kuti wagona m'nyumba mwanga. Ndikanapambana nkhondo m'mawa, pofika masana n'kukhala wopanda inu."

"Nanga masiku makumi anayi padzuwa, mukudziwa kuti lumbiro linafa kale?"

"Ndinkati mwina Kadi apeza kanjira, tonse n'kupitiriza kunamizira." Anakanda pamphumi paja. "Ndikufunseni chimodzi, make Sadiq. Munkamukondabe?"

"Ndinkamukonda ali ndi tsitsi. Tsiku lija ndinangolephera kumupereka kuti akamuphe."

Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Munthu wamkulu, mkulu wa fuko, akusisima pamsewu masana dzuwa lili phwee. Ndinakweza dzanja kuti ndiwapukute, kenako ndinakumbukira kuti tsopano ndine mkazi wachilendo kwa iwo. Ndinakoka nsalu n'kuphimba nkhope.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti mwaseka, ndipo sindikukuletsani, inenso masiku ena ndimaseka. Koma taganizani izi. Anthu awiri tinagona m'nyumba imodzi zaka ziwiri, aliyense akubisira mnzake chinsinsi chimodzimodzi, aliyense akuopa kutaya mnzake. Pa zaka ziwiri zimenezo anyamata ankaikidwa m'manda mbali zonse ziwiri, ndipo sindingalumbire kuti kukhala chete kwathu kulibe gawo pa imfa zimenezo. Ena amandiuza kuti ndinachita bwino kulankhula, ena akuti ndinachedwa, ndipo achimwene anga akuti ndikanangofa nacho. Mwina nonse mukhoza kundiweruza bwino kuposa ine.

Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka makumi atatu ndinkayesa kuti ndine wotchipa kwa amuna anga, poti dzina langa ankaliponya pa chilichonse. Ndinadziwa mmene ankandikondera pa ola lomwe ndinasiya kukhala mkazi wawo. Ndimawasowa tsiku lililonse, ndipo palibe Kadi amene angandibwezere kwa iwo. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri mfuti zili chete ku Wadi Sarham.